Wamva M'mimba Akalephera Kutsekula Chitseko

Mwambi uja wakuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko unabadwira m'nyumba yaudzu pakati pa usiku. Anthu agona pamphasa, moto wazilala, chitseko chatsekedwa ndi mpiringidzo, kunja kuli mdima wandiweyani ndipo fisi akumveka cha kudambo. Palibe amene akufuna kuchoka m'bulangete. Koma mmodzi m'mimba mwayamba kupota. Ameneyo sadikira kuti wina amuchotsere mpiringidzo, ndipo sayamba wafunsa ngati kunja kuli bwino. Amadzuka yekha. Makolo ataona zimenezi anati mwini vuto ndiye ayambe kuyenda. Wosowa mchere ndiye apite kwa mnansi, wolakwiridwa ndiye akagwade kwa mfumu.

Mwambiwu ndi woona, ndipo ndaumvapo ukugwira ntchito yabwino. Amaunena kwa munthu amene watha milungu iwiri akutsokomola, usiku akunyowetsa zofunda ndi thukuta, thalauza likukhwefuka m'chiuno, iye n'kumangogula timankhwala ta chifuwa pagolosale. Munthu wotere ayenera kuumva mwambiwu, chifukwa palibe amene angamulavulire makhololo m'kabotolo. Koma ilipo nthenda ina imene mwambiwu suifikira. Imeneyo imayamba ndi kulefula dzanja lomwe likanatsekula chitsekocho, ndipo imakonda kuyenda pamodzi ndi chifuwa chachikulu.

Ndikamba za ku Mabvuku, chifukwa ndi kumene ndinaziona ndi maso anga. Mabvuku ili kum'mawa kwa mzinda wa Harare, ukapatuka pamsewu wa ku Mutare, moyandikana ndi Tafara. Inayamba kumangidwa m'zaka za m'ma 1950 kuti muzigona antchito, ophika, olima maluwa ndi olera ana m'mayadi a azungu a ku Highlands ndi Greendale, komanso ogwira ntchito kufakitale ya simenti imene ili chapafupi. Ambiri mwa antchitowo anali ochokera ku Nyasaland, ena ku Mozambique ndi ku Northern Rhodesia. Ena anayenda wapansi kudzera ku Tete, ena anakwera malole a Ulere, ena analembedwa ndi Mthandizi, ndipo m'nthawi ya chitaganya, kuyambira 1953 mpaka 1963, njirayo inapondedwa kwambiri. Pochoka kumudzi ankati akagwira zaka ziwiri, akagula njinga ndi bulangete, abwerera. Ambiri anatchona. Lero adzukulu awo amalankhula Chishona pamsewu ndi m'makombi, koma pamaliro Chichewa chimatuluka chokha, gule wamkulu amavinidwabe, ndipo ku CCAP ndi kumzikiti upeza mayina a mafuko omwe uwadziwa ku Dedza, ku Ntcheu ndi ku Mangochi.

Kutchona kuli ndi zowawa zake zimene zimaonekera tsiku la matenda. Mnzako wa Chishona akafooka amamutengera kwawo ku Murehwa kapena ku Mutoko, kumene kuli azakhali, nkhokwe ndi mthunzi. Mdzukulu wa mtchona kawirikawiri alibe kotero. Mudzi wake ndi dzina limene agogo ankatchula akamwa tiyi, ndipo sanaupondepo. Lamulo la unzika la mu 2001 linasandutsa ambiri a iwo alendo m'dziko lomwe anabadwiramo, mpaka malamulo aakulu a dziko a mu 2013 anawatsegulira njira yobwezeretsera unzikawo. Mu 2005, pa ntchito ija ya Murambatsvina, tinyumba ta kuseri tinagwetsedwa m'malokeshoni a Harare, ndipo lipoti la United Nations lolembedwa ndi Anna Tibaijuka linati anthu pafupifupi 700,000 anataya pogona kapena popezera ndalama. Otsala anaunjikana m'zipinda zotsala. Kachilombo ka TB kamapeza mpata m'malo otere, chipinda chimodzi chogona anthu ambiri, windo lotsekedwa chifukwa cha chisanu cha mu June ndi kuopa akuba.

Chifuwa chachikulu sitinachidziwe dzulo. Agogo athu amene anapita ku Joni ndi Wenela, ndi amene anakumba m'migodi ya ku Rhodesia, anabwera nacho m'mapapo pamodzi ndi fumbi la miyala. Munthu akayamba kulavula magazi ankamubweza kwawo, ndipo aliyense ankadziwa chimene akubwerera. Mantha amenewo tinayamwira. N'chifukwa chake ngakhale lero, namwino akanena kuti ndi TB, munthu amamva ngati wauzidwa tsiku la maliro ake.

Pamene zoona zake n'zakuti chimachizika. Makhololo amayezedwa ndi makina a GeneXpert amene amatha kuonetsa kachilomboko m'maola awiri, ndipo mankhwala amaperekedwa ulere. Miyezi iwiri yoyamba munthu amamwa mankhwala anayi ophatikizidwa, isoniazid, rifampicin, pyrazinamide ndi ethambutol, kenako miyezi inayi amamwa awiri oyambawo. Dziko la Zimbabwe lalimbana nacho ndithu, moti mu 2021 bungwe la WHO linalichotsa pamndandanda wa mayiko 30 okhala ndi TB yochuluka, ngakhale linatsalabe pamndandanda wa TB yoyenda ndi HIV ndi wa TB yosamva mankhwala. Komabe padziko lonse, mu 2023 mokha, anthu pafupifupi 10.8 miliyoni anadwala ndipo 1.25 miliyoni anamwalira ndi nthenda imene mankhwala ake alipo. Zifukwa zake n'zambiri. Chimodzi mwa izo ndi chimene ndinapeza kwa atsibweni anga.

Atsibweni angawo ndi mmisiri womanga nyumba, munthu wanthabwala amene pabawo sagonja. Chitseko choyamba anatsekula okha. Atatsokomola kwa mwezi anadzuka m'mawa, napita kuchipatala popanda wowakankha, nabwera ndi khadi ndi mankhwala m'jumbo. Mpaka pamenepo mwambi uja unali utakwanira.

Ndinakawazonda ali m'mwezi wachitatu wa mankhwala. Ndinapeza atagonekedwa m'kachipinda ka kumapeto komwe kale ankasungiramo mafosholo ndi zotsala za simenti. Akazi awo sanachite zimenezi mwankhanza. M'nyumbamo munali tidzukulu tiwiri, ndipo mayiwo anagwidwa ndi mantha. Pakhomo pa kachipindako panali mbale ya nsima yovindikiridwa ndi inzake, itazizira kalekale. Kapu yawo anali ataimanga kansalu kofiira pachogwirira kuti isasokonezeke ndi za ena.

“Odi, atsibweni.”

Kunali zii. Ndinaodiranso.

“Ndani?”

“Ndine, mwana wa achemwali anu.”

“Lowa, koma ukhale cha kutali.”

Ndinawafunsa mmene aswerera, ndipo anati aswera bwino, chifuwa chinasiya. Zinali zoona, nthawi yonse imene ndinakhala mmenemo sanatsokomole. Koma anali atagona choyang'ana kukhoma, ndevu zosameta, kawailesi kamene sankasiyana nako kali pansi kopanda mabatire. Khadi lija linali pawindo, ndipo timizere tosonyeza masiku omwera mankhwala tinali titalekera sabata yapitayo. Nditafunsa, anakhala chete nthawi yaitali.

“Ndimwerenji? Ndikachira ndikatani? Amene ndinkamanga nawo anatenga wina. Pano ndangosanduka katundu. Usiku tulo palibe, ndimangowerenga mizere ya malatawa.”

Panja ndinamva zimene anthu ankanena. Wina anati bambowa ayamba ulesi. Wina anati akudzimvera chisoni ngati mwana, mwamuna satero. Ndipo mnansi wina, munthu wabwino amene anakhala nawo zaka zambiri mpanda umodzi, anatambasula manja nati, “Nanga ife titani? Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.” Mwambi umene unawatumiza kuchipatala tsopano unasanduka chifukwa chowasiyira okha.

Apa m'pamene ndikutsutsana nawo mwambiwu, kapena ndinene kuti ndikutsutsana ndi ife amene timaunena pamalo posayenera. Kupota kwa m'mimba kumam'dzutsa munthu, ululuwo ndi umene umam'patsa mphamvu yochotsera mpiringidzo. Matenda a nkhawa amachita zosiyana. Amam'goneka munthu. Amam'chotsera chilakolako cha chilichonse, cha nsima, cha kusamba, cha macheza, ngakhale cha kuchira kumene. Amamunong'oneza kuti ndi wopanda ntchito, kuti abale angapepukidwe atachoka, kuti mawa lidzakhala ngati lero. Munthu amene wakhala milungu iwiri kapena kuposerapo ali choncho, wosasangalala ndi zimene kale ankazikonda, tulo tosabwera kapena tosatha, mutu wosagwira chinthu, ameneyo akudwala. Si misala, pakuti amadziwa dzina lake, tsiku ndi anthu ake. Si ulesi, pakuti waulesi amadya ndi kuseka. A ku Harare amati ndi kufungisisa, ife timati maganizo amuchulukira. Nthendayi imagwira ntchito ngati chiswe mumtanda wa denga, kunja ukuoneka wolimba pamene m'kati mwatha.

Chimene chimaibisa kwa wodwala TB n'chakuti zizindikiro zimafanana. TB imachotsa chilakolako cha chakudya, nkhawa nayonso imatero. TB imaondetsa ndi kufooketsa, nkhawa chimodzimodzi. Choncho zonse timaziunjika pa chifuwa. Kuchipatala mzere ndi wautali, namwino ndi mmodzi, amamuyeza pasikelo, amaona khadi, amam'patsa mankhwala a mwezi, ndipo wotsatira walowa kale. Sikelo siyeza kuti munthuyu anasiya liti kulankhula ndi mkazi wake. Akatswiri amene mu 2020 anasonkhanitsa zofufuza za m'mayiko osiyanasiyana anapeza kuti mwa odwala TB 100 alionse, pafupifupi 45 amakhala ndi zizindikiro za nkhawa yotereyi, ndipo kwa odwala TB yosamva mankhwala chiwerengero chimakwera. Ku Ethiopia anatsatira odwala kuyambira tsiku loyamba mankhwala, napeza kuti amene nkhawa yawo sinathandizidwe ankasiya mankhwala ndi kumwalira mochuluka kuposa anzawo. Ndiye kuti pabenchi ya chipatala cha TB, pafupifupi munthu mmodzi mwa awiri wasenza katundu wachiwiri amene palibe wam'funsa.

Katunduyo amachokera kumbali zingapo, ndipo yolemera kwambiri ndi manyazi. Ku Zimbabwe pafupifupi theka la odwala TB ali ndi HIV, moti m'maganizo a anthu matenda awiriwa anasanduka amodzi. Munthu akangoonda n'kutsokomola, oyandikana nawo nyumba amakhala atamaliza kale kumuyeza ndi maso. Amene alibe HIV amavutika ndi kunamiziridwa, amene ali nayo amavutika ndi kuululika. Pakati pa ife a Chichewa pamabweranso manong'onong'o akale a tsempho ndi mdulo, akuti wina m'banjamo sanasunge mwambo, wina anathira mchere m'ndiwo nthawi yosayenera. Mkazi amayamba kukayikiridwa, mwamuna amayamba kukayikiridwa, ndipo m'nyumba momwe mukanakhala mothawira mumasanduka bwalo la milandu lopanda woweruza. Wodwala amene akumva zonsezi kudzera pakhoma amasankha kutseka pakamwa.

Kenako pali njala. Mankhwala ndi aulere, koma akayamba kugwira ntchito amadzutsa njala yoopsa, ndipo mazira, mkaka ndi nyemba si zaulere. Anthu ambiri a ku Mabvuku amadya zimene apeza tsiku lomwelo, kugulitsa tomato pa Kamunhu, kumanga mpanda wa munthu ku Greendale, kuitanira makombi. Wotere akagona miyezi iwiri, malo ake amatengedwa ndipo lendi siidikira. Madzi a m'mipope m'madera ena a Mabvuku ndi Tafara akhala akusowa kwa zaka, kotero munthu amene mapapo ake sakumulola kukwera kachitunda amaonerera mkazi wake akudzuka usiku kukaima pamzere wa pamjigo. Kwa mwamuna amene analeredwa kuti ulemu wake uli m'thumba la ufa limene wabweretsa, kuonerera kumeneko kumam'dya kuposa chifuwa.

Thupi nalo lili ndi mbali yake. Likamalimbana ndi kachilombo kwa miyezi limatulutsa zinthu zimene zimafika mpaka ku ubongo n'kutsitsa mtima wa munthu. Mankhwala ali ndi zawo. Rifampicin amafiiritsa mkodzo, thukuta ndi misozi, ndipo munthu amene sanauzidwe amaganiza kuti akukodza magazi, n'kuyamba kutsanzika chamumtima. Isoniazid amatha kuotcha mapazi ndi kuwachititsa dzanzi, n'chifukwa chake amaperekera pamodzi vitamini B6. Odwala TB yosamva mankhwala ndiwo anaona zakuda. Kwa zaka zambiri ankamwa mankhwala mpaka zaka ziwiri, kubayidwa jakisoni wa kanamycin amene ena anawagonthetsa makutu, ndi kumwa cycloserine amene amadziwika kuti amasokoneza maganizo, ena mpaka kufuna kudzipha. Mu 2022 WHO inavomereza njira ya miyezi 6 yopanda jakisoni yotchedwa BPaLM, ndipo umenewo ndi mpumulo waukulu kwa amene akuipeza.

Pali kanthu kena m'mbiri ya mankhwala kamene kamandigwira mtima. Mu 1952, pachipatala cha Sea View ku Staten Island mumzinda wa New York, madokotala ankayesa mankhwala atsopano a TB, isoniazid ndi mbale wake iproniazid. Anadabwa kuona odwala amene anali atataya mtima akuyamba kudya, kuseka, ena mpaka kuvina m'makonde a chipatala, ndipo manyuzipepala anawajambula. Pofika 1957 madokotala monga Nathan Kline anali akupereka iproniazid kwa odwala nkhawa, ndipo anakhala amodzi mwa mankhwala oyambirira a nthendayi, ngakhale pambuyo pake anasiyidwa chifukwa ankaononga chiwindi. Ndiye kuti mankhwala a nkhawa anabadwira m'wodi ya TB. Matenda awiriwa anadziwana kalekale, ndipo madokotala a nthawi imeneyo anaona ndi maso kuti wodwala chifuwa ali ndi mtima womwe umagwa ndi kudzuka. N'zomvetsa chisoni kuti patapita zaka zoposa 70 tikuwaikabe m'zipinda zosiyana, wa chifuwa khomo ili, wa maganizo khomo lakutali limene ambiri amaopa kuonedwa akulowamo.

Mwezi wachitatu ndi woopsa pa chifukwa ichi. Chifuwa chaleka, thukuta la usiku latha, ndipo chimene chinkam'kakamiza munthu kumeza mapiritsi chachoka. Alendo a masiku oyamba aja asiya kubwera, ndalama zatha, kwatsala miyezi yambiri. Munthu wamtima wolimba amapitiriza chifukwa akuona kutsogolo. Wankhawa kutsogoloko sakuona. Akasiya, tizilombo totsala timadzukanso, nthawi zina titaphunzira kupirira mankhwala, ndipo ulendo umene ukanathera kunyumba umakathera ku Beatrice Road, chipatala cha matenda opatsirana chimene anthu amachitcha Nazareth. Tidzukulu timene banja linkateteza pomutsekera m'kachipinda ndi timene timakhala pangozi tsopano, chifukwa wodwala amene akumwa mankhwala mokhulupirika kawirikawiri sapatsira, koma amene wasiya amayambanso kupatsira.

Mzinda womwewu wa Harare ndi umene unapatsa dziko lonse njira ina yabwino yothandizira. Dokotala wa matenda a maganizo, Dixon Chibanda, amafotokoza poyera za mtsikana wina amene ankam'thandiza, wokhala kutali ndi mzinda, amene anadzipha. Atafunsa mayi ake chifukwa chimene sanabwere naye kudzaonedwanso, mayiwo anati analibe madola 15 a basi. Nthawi imeneyo dziko lonse la Zimbabwe linali ndi madokotala a maganizo ochepa kwambiri. Chibanda anaona kuti kudikira odwala m'chipinda chake n'kudikira anthu amene sadzafika. Mu 2006 anayamba ku Mbare ndi agogo aakazi 14, alangizi a zaumoyo a khonsolo amene ankayenda kale khomo ndi khomo, nawaphunzitsa kukhala ndi munthu pabenchi yathabwa pabwalo la chipatala. Ntchitoyo ndi imene ikutchedwa Friendship Bench. Munthu amafunsidwa mafunso 14 a m'Chishona amene Vikram Patel ndi anzake anakonza ku Harare m'zaka za m'ma 1990, mafunso a tulo, a kulira, a kuganiza kwambiri, a kufuna kudzichotsera moyo. Kenako amakumana ndi gogo mpaka maulendo 6. Gogoyo salalikira ndipo sauza munthu chochita. Amamvetsera, amam'thandiza kutchula mavuto ake limodzi ndi limodzi, asankhe limodzi lomwe angaligwire, apangane chochita sabata imeneyo. Zotsatira za kafukufuku wa anthu 573 m'zipatala 24 za Harare zinatuluka mu 2016 m'magazini ya zachipatala ya JAMA. Patatha miyezi 6, mwa amene anakhala pabenchi, 14 pa 100 alionse ndi amene anali ndi zizindikiro za nkhawa, pamene mwa amene sanakhalepo anali 50 pa 100. Njirayi inafika mpaka ku Malawi ndi kumayiko ena.

Atsibweni anga anadzutsidwa ndi gogo wotere wa m'dera lawo, amene anaona kuti tsiku lotenga mankhwala ladutsa osawaona. Sanalowe m'kachipinda kaja. Anaima pakhomo nati, “Bambo, tiyeni tikhale panja, dzuwa lili bwino.” Anakana. Gogoyo anakhala pachidebe pakhomo pomwepo n'kumacheza ndi akazi awo nkhani za mitengo ya mafuta ophikira, mpaka bambowo anatuluka atafunda bulangete. Sanawakalipire za khadi. Anawafunsa chimene chikuwasowetsa tulo, ndipo atatchula zambiri, anawafunsa kuti mwa zonsezo n'chiti chimene angayambe nacho. Anasankha kanthu kakang'ono, sitepe ya pakhomo pa nyumba yawo yomwe inali itagumuka. Anaikonza masiku atatu, akupumira. Tsiku lina gogoyo anapempha madzi akumwa, nalozera kapu ya kansalu kofiira ija, namwera momwemo onse akuona. Madzulo ake akazi awo anamasula kansaluko.

Sindinena kuti anachira tsiku limenelo. Anabwerera kuchipatala, anayezedwanso, anapitiriza mankhwala mpaka kumaliza, koma nthabwala zawo zinachedwa kubwera kuposa thupi, ndipo masiku ena ankabwereranso kukhoma kuja. Chimene ndikunena n'chakuti sanatuluke okha, ndipo sakanatuluka okha.

Ambiri timalephera kupita chifukwa cha mantha, ndipo mantha amenewo ayenera kuyankhidwa ndi zoona. TB imayenda mumpweya munthu akatsokomola kapena kuyetsemula. Siyenda pambale, pakapu, pasupuni kapena pogwirana chanza. Wodwala TB wamba amene wamwa mankhwala bwino kwa milungu iwiri, mphamvu yake yopatsira imakhala itatsika kwambiri. Panja pamphepo ndi padzuwa ngozi ndi yochepa zedi, m'nyumba chofunika ndi kutsegula mawindo. Ana aang'ono ndi ena a m'nyumbamo amatetezedwa popita nawo kukayezetsa, ndipo alipo mankhwala oteteza amene amapatsidwa. Zimenezi ndi zimene zimateteza banja. Kansalu kofiira pakapu sikateteza aliyense, kamangouza wodwala katatu patsiku kuti salinso mmodzi wa ife.

Makolo omwe anatisiyira mwambi wa chitseko anatisiyiranso mwambo wozonda odwala. Sankadikira kuitanidwa. Akamva kuti uje sanatuluke masiku awiri, ankapita ndi kaphala m'kambale, nakhala pakhonde ngakhale popanda chonena. Mwambi uja ankauza munthu wamphamvu zake amene akuzengereza, sankauza wogona. Ife ndi amene tasokoneza ziwirizi, chifukwa m'tauni aliyense ali ndi zake ndipo mwambiwo umatipeputsira chikumbumtima. Kuzonda kumene ndikunena sikufuna maphunziro. Ukafika usathamangire kumuuza kuti alimbe mtima, kapena kuti ena akuvutika kuposa iye, chifukwa mawu amenewo amam'tsimikizira kuti sukumumva. Pemphero ndi labwino, koma lisakhale njira yotsekera nkhani isanayambe. Funsa za tulo. Funsa chimene amaganiza akadzuka pakati pa usiku. Ndipo akanena mawu onga akuti bola kungochoka, usaseke ndi kusintha nkhani. M'funse mosabisa ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikum'patsa maganizo amenewo, kumam'patsa mpata woti anene. Akavomera, asasiyidwe yekha, mankhwala ambiri ndi a makoswe achotsedwe pafupi, ndipo apite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Nkhawa yaikulu ili ndi mankhwala ake, ndipo dokotala ayenera kudziwa kuti munthuyo akumwa rifampicin, chifukwa amafooketsa mphamvu ya mankhwala ena m'thupi.

Kwa azaumoyo pempho langa ndi laling'ono. Pa tsiku loyamba mankhwala, ndiponso mwezi wachiwiri ukamatha, wodwala TB afunsidwe mafunso 14 aja monga momwe amakwezedwera pasikelo, ndipo benchi ya agogo ikhale pafupi ndi khomo lotengera mankhwala a TB, kuti munthu asachite kuifunafuna.

Koma ntchito yaikulu ili kwa ife eni ake, ndipo chida chake tili nacho kale. Agogo athu atafika ku Salisbury, Harare wa lero, opanda abale, anayambitsa mabungwe a maliro kuti mtchona asaikidwe ngati wopanda kwawo. Mabungwe amenewo akalipo ku Mabvuku ndi ku Tafara, ali ndi tcheyamani, msungichuma, buku la mayina ndi zopereka za mwezi ndi mwezi, ndipo uthenga wa maliro ukafika sachedwa, bokosi, ufa ndi nkhuni zimapezeka tsiku lomwelo. Inu atsogoleri a mabungwe amenewa, inu amayi a mvano, inu akuluakulu a kumzikiti ndi a kudambwe, tsegulani tsamba lina m'buku lanulo. Membala akayamba mankhwala a TB ndipo mwiniwake wavomera kuti mudziwe, lembani anthu awiri oti azikamuzonda sabata iliyonse, ndipo pa ndalama za bungwe patulaniko ya mazira ndi ya kombi. Musalekere mwezi woyamba pamene alendo ali ambiri. Pitanibe mwezi wachitatu, wachinayi, mpaka tsiku limene namwino adzalembe pakhadi kuti wamaliza.